Mulibe Iye M'kope Langa

Kope langa ndinalipeza pa tebulo la pabalaza kwa mayi ake a chibwenzi changa, litatsegulidwa pakati, wina ataikapo kapu ya tiyi kuti masamba asatsekeke. Ndinaima pakhomo pomwepo. Linali Lachiwiri madzulo, ndipo ine ndinangobwera kudzatenga chikwama chimene ndinaiwala Lamulungu. Sindinadziwe kuti ndikubwera ku khoti.

Woweruza anali achemwali ake aakulu, amene anakhala pa mpando wa pakona atapinda manja. Chibwenzi changacho, amene anzanga amangomutcha Wamagetsi chifukwa cha ntchito yake, anaima pazenera akuyang'ana kunja. Mayi ake sanatuluke, koma chitseko cha kuchipinda kwawo chinali chotsegula pang'ono, ndipo wailesi yawo imene imalira tsiku lonse inali itazimitsidwa.

"Alamu, takulandirani," anatero achemwaliwo. "Khalani pansi. Timawerenga nkhani zanu."

"Mwatsegula chikwama changa?"

"Chinagwa chokha."

Chikwama cha zipi ziwiri chinagwa chokha, n'kudzitsegula chokha, kope n'kuyenda lokha mpaka patebulo. Mawu amenewo ndinangowameza, chifukwa anthuwa amayenera kukhala abale anga. Makolo anga ndi mayi ake anali atapangana zokumana Lamulungu la sabata yotsatira kuti akambirane za ukwati wathu, ndipo bambo anga anali atachapitsa kale suti.

Ndifotokoze za kopelo. Tilipo anayi amene tinadziwana ku sekondale, ndipo chimalizire sukulu, zaka zisanu ndi zinayi tsopano, Loweruka loyamba la mwezi uliwonse timakwera phiri, kapena kutsata mtsinje, kapena kungoyenda m'nkhalango mpaka miyendo itakana. Pali Kapitawo, amene amasankha njira ndipo sanavomerepo kuti tasochera. Pali Mayi Busa, amene si mkazi wa m'busa aliyense koma satha mphindi khumi osatilalikira. Pali Ndege, amene amathamangira kutsogolo n'kukatidikira atagona pamwala. Ine amanditcha Mlembi, chifukwa tikabwerako ndimalemba zonse za tsikulo m'kope, ndekha, osaonetsa munthu. Limeneli linali kope lachinayi, ndipo ndinaliyamba chaka chomwe ndinakumana ndi Wamagetsi.

Achemwali aja ananyowetsa chala ndi malovu, natembenuza tsamba, nayamba kuwerenga ndi mawu a munthu wolengeza maliro.

"'Mvula inatipeza pamwamba. Kapitawo anavula jekete n'kundifunditsa, iye n'kutsika ndi malaya onyowa, mano akugundana, koma akulumbira kuti sakumva kuzizira. Munthu ameneyu adzafa ndi matama.'" Anadzutsa maso. "Ndipitirize? Tsamba lililonse ndi Kapitawo. Kapitawo waseka, Kapitawo watsokomola, Kapitawo wameta. Mchimwene wangayu ndamufunafuna kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Zaka ziwiri, alamu, ngakhale mzere umodzi mulibe."

"Ndi kope la maulendo," ndinayankha mokwiya. "Ndimalemba za amene analipo. Iwowa Loweruka amakhala kuntchito, sanapiteko ndi kamodzi komwe. Ndiwalembe akutani, akulumikiza mawaya?"

"Mkazi wofuna banja amakakwera mapiri ndi amuna ena? Alipotu atsikana amene amadziwa ntchito ya Loweruka. Namwino uja woimba kwaya limodzi ndi mayi, simungamupeze m'tchire."

"Achemwali, basi," anatero Wamagetsi osatembenuka.

"Si ine, ndi mayi. Akuti za Lamulungu lija ziyambe zaima."

Kuchipinda kuja kunamveka kutsokomola kamodzi, kovomereza. Ndinachotsa kapu ija n'kutenga kope langa. Patsamba panali patatsala chizindikiro cha tiyi, ndipo ndinachita manyazi ngati andivula pagulu.

* * *

Wamagetsi anandiperekeza pa galimoto yake ya ntchito, ija ya makwerero padenga. Tinadutsa misewu itatu zitsulo zikungolira kumbuyo. Titafika pa geti la nyumba imene ndimachita lendi, anazimitsa injini.

"Nanunso munawerenga?" ndinafunsa.

"Lonse."

"Ndiye mwapezamo chiyani? Kuti ndinagona naye? Kuti anandipsompsona?"

"Ayi. Bola ndikanapeza zimenezo, ndikanadziwa chochita." Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. "Ndinayamba kuwerenga nditawakwiyira achemwali. Kenako ndinayamba kudzifunafuna. Ndimati tsamba linalo ndipezekamo. Tsiku lija ndinakupatsa mphete linali Lachisanu. Mawa lake unapita kumtsinje, unalemba masamba atatu. Unalemba ndi za nkhanu imene inaluma Ndege. Za ine sunalembe."

Tsikulo ndinkalikumbukira bwinobwino. Ndinayenda njira yonse ndikumwetulira ndekha, mphete nditaimanga pa kansalu m'thumba kuopa kuti ingagwere m'madzi. Koma madzulo ake nditakhala pansi, dzanja linalemba zimene limalemba masiku onse: njira, nyengo, ndani wagwa, ndani wanena chiyani.

"Inu muli mumtima," ndinatero, ndipo ine mwini ndinamva kupepuka kwa mawuwo.

"Mtima sindingauwerenge." Anapuma mozama. "Loweruka likubwerali ndi loyamba la mwezi. Nditseka ntchito, ndipita nawo. Ukalembe monga umalembera nthawi zonse, osandikometsera. Lamulungu m'mawa ndidzabwera kudzawerenga. Ndikadzipezamo, ndikawauza mayi kuti tsiku silikusintha, afune asafune."

"Nanga mukapanda kudzipeza?"

Anangoliza injini, ine n'kutsika.

* * *

Pa gulu lathu la pafoni ndinalemba mwachidule: "Loweruka tili ndi mlendo. Wamagetsi akubwera nawo."

Ndege anayankha nthawi yomweyo: "Abwere ndi makwerero ake, atithandize pa Mwala wa Manyazi." Mayi Busa anatumiza timanja topemphera. Kapitawo anawerenga, anayamba kulemba, anasiya, anayambanso. Patapita mphindi makumi awiri kunabwera kamzere kamodzi: "Avale nsapato zakale, osati zatsopano."

Posakhalitsa Mayi Busa anaimba.

"Iwe Mlembi, chavuta n'chiyani? Munthu wakana phiri zaka ziwiri, lero walota?"

Ndinamufotokozera zonse, mpaka za kutsokomola kwa kuchipinda.

"Ndiye Kapitawo wamuuza kuti kuli mayeso?"

"Mayesowo ndi anga, si ake. Kapitawo ndi mchimwene wanga, ukudziwa."

"Ine ndikudziwa kuti mayi ako anabereka atsikana okhaokha."

"Usayambe ulaliki."

"Sindikulalikira. Ndikungoti munthu amene wakunyamulira botolo la madzi zaka zonsezi, amene zibwenzi zake sizidutsa miyezi itatu, usamamutenge ngati mtengo wa m'njira. Ali ndi mtima ameneuja."

Ndinadula foni ndisanamutukwane. Ndinakwiya kwambiri, koma chimene chinandivuta n'chakuti sindinadziwe kuti ndakwiyira ndani.

* * *

Loweruka m'mawa Wamagetsi anabwera atavala jombo zatsopano, zonyezimira, zonunkha sitolo. Uthenga uja ndinali nditamupatsa, iye n'kuyankha kuti Kapitawo wangayo asamuuze zovala. Tinapeza anzanga akutidikira pomwe msewu wa phula umathera. Amuna awiriwo anagwirana chanza nthawi yaitali, aliyense akumwetulira ndi mano okha.

"Tamva mbiri yanu, achimwene," anatero Kapitawo.

"Yanu ndiye ndawerenga," anayankha Wamagetsi.

Ndege anaseka, osadziwa kuti si nthabwala. Mayi Busa anandiyang'ana, ine n'kuwerama kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale.

Ola loyamba linayenda bwino. Udzu unali ndi mame, njira inali yokwera pang'onopang'ono, ndipo Wamagetsi ankayenda pambali panga akufunsa za chilichonse. Ndinamuonetsa mtengo umene tinabisalapo njuchi zitatithamangitsa, ndi pamene Mayi Busa anataya nsapato m'matope n'kutsika phiri lonse ndi imodzi. Ankaseka, ndipo mtima wanga unayamba kukhala m'malo. Ndinkamuyang'anitsitsa dala, ndikusunga m'mutu zoti ndikalembe: thukuta pamphumi pake, mmene amakankhira nthambi kuti zisandikwapule.

Titaima kupuma, Kapitawo anatulutsa mabotolo awiri m'chikwama, limodzi n'kulipereka kumbuyo osatembenuka. Ine ndimaiwala madzi ulendo uliwonse, ndiye ndinangolandira n'kumwa. Nditatsitsa botolo m'pamene ndinaona Wamagetsi akubweza m'chikwama chake botolo lina latsopano, lofiira, mtundu umene ndimaukonda. Madzi aja anandiwawa pakhosi.

Mwala wa Manyazi tinautcha choncho chifukwa palibe amene amaukwera mwaulemu. Ndi wautali kuposa munthu, wosalala, ndipo umakwera chokwawa, mimba ikukhuza mwala. Tili ndi kakweredwe kathu. Kapitawo amayamba, amagona chafufumimba pamwamba, n'kumakoka ena mmodzimmodzi. Wokwerayo sayang'ana kumwamba chifukwa mchenga umagwera m'maso. Umayang'ana poponda, n'kukweza dzanja.

"Lero ndiyamba ndine," anatero Wamagetsi.

Kapitawo anapatuka. Jombo zija zinaterereka kawiri, koma Wamagetsi ndi munthu wozolowera kukwera mapolo, ndipo anafika. Anagona pamwamba n'kutambasula manja. "Tiye, bwera."

Ndinamuona akukwera. Ndinkadziwa bwinobwino amene anali pamwamba. Koma nditafika pakati pa mwala phazi linaterereka, mtima unadumpha, ndinakweza dzanja lamanja, ndipo pakamwa panalankhula pokha.

"Kapitawo, koka."

Kenako manja awiri anandigwira mwamphamvu, lina kumanja, lina kumanzere, n'kundikoka kamodzi ndi mkwiyo wonse. Ululu unathamanga kuchokera pa mfundo ya dzanja lamanzere mpaka paphewa, ndipo ndinakuwa.

"Lamanzere ayi! Musiyeni lamanzere!" anafuula Kapitawo ali pansi.

Sindikudziwa kuti anakwera bwanji. Ndinangopezeka ndakhala pamwamba nditafumbata dzanja, misozi ikutsika, amuna awiri atagwada uku ndi uku.

* * *

Kapitawo anatulutsa bandeji m'kathumba ka pambali pa chikwama chake. Wamagetsi anatambasula dzanja.

"Ndipatseni. Ndimumanga ndine."

Anayang'anana kaye, kenako bandeji inaperekedwa. Wamagetsi anandimanga mwaluso, monga amamangira waya ndi tepi.

"Dzanjali linatani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Linathyoka tili kusukulu. Silivuta, pokhapokha wina akalikoka."

"Zaka ziwiri osandiuza?"

"Simunandikokepo."

"Anakutengera kuchipatala ndani?"

Ndege anayamba kuyang'ana mitambo. Mayi Busa anatanganidwa ndi kusenda dzira.

"Ndine," anatero Kapitawo.

"Ndimadziwa." Wamagetsi anamanga mfundo yomaliza, nadzuka, nasasa mchenga m'mawondo. "Achimwene, mukumudziwa kwambiri mkazi wanga."

"Sanakhale mkazi wanu."

Kapitawo ananena motsitsa, osakwiya, ndipo n'chifukwa chake zinaopsa. Kwa zaka zonsezi sindinamumvepo akulankhula ndi mawu amenewo. Iye mwini anadzidzimuka. Anatembenuka n'kukaima kumapeto kwa mwala, atatifulatira, manja ali m'thumba.

"Abale, tiyeni tidye," anatero Mayi Busa. "Buledi auma."

Palibe anadya. Pamwamba pa phirilo pamaoneka misewu ndi madenga mpaka kutali, ndipo nthawi zonse timakangana kuti nyumba ya ndani ili pati. Tsiku limenelo palibe analoza kanthu. Ine ndinali ndi mantha, ndipo maso anga ankangobwerera kwa munthu woima kumapeto uja, kuopa kuti waima pafupi kwambiri ndi phompho.

Potsika tinazungulira njira yaitali. Wamagetsi anandilanda chikwama n'kuchinyamula pamodzi ndi chake. Ankatsimphina, ndipo atavula jombo pa kamtsinje sokosi inali ndi magazi ku chidendene. Kapitawo anaika pulasitala pamwala pafupi naye. Wamagetsi anavalanso jombo yake, pulasitala n'kutsala pamwala pomwepo.

Pa geti la kwathu sanazimitse injini.

"Pepani chifukwa cha pamwala paja," ndinatero. "Ndi chizolowezi chabe. Pakamwa panangozolowera."

"Nanenso pepa chifukwa cha dzanja." Anandiyang'ana ndi maso otopa, ofiira. "Ndimakukonda, ukudziwa? Sindikufuna namwino, sindikufuna wina aliyense. Lemba zonse, ngakhale za pamwala. Ine ndikungofuna ndikhalemo."

Ndinalira pamenepo, chifukwa nanenso ndimamukonda, ndipo ndinamuuza.

* * *

Nditasamba ndinakhala pa tebulo la kukhitchini dzuwa lisanalowe. Kalembedwe kanga n'kamodzi chiyambire: ndimalemba mothamanga, osaima, osafufuta, osabwerera m'mbuyo, kenako ndimatseka kope. Anali atandipempha kuti ndisamukometsere, ndiye ndinalemba momwemo. Masamba anayi anadzaza. Ndinatseka kope mtima uli pansi, ndikudziwa kuti ulendo uno alimo, ndipo ndinagona msanga chifukwa thupi lonse linali kuwawa.

Lamulungu m'mawa ndinati ndiwerengeko asanabwere, mwina muli mawu osaoneka bwino. Ndinathira tiyi n'kutsegula.

Analimo. Mzere wachitatu unkati, "Wamagetsi anabwera ndi jombo zatsopano." Patsamba lachiwiri munali, "Wamagetsi anandimanga bandeji bwino." Ndinatembenuza tsamba kufunafuna thukuta lija la pamphumi, nthambi zija, botolo lofiira, zikwama ziwiri pamsana wa munthu wotsimphina. Munalibe. Mawu aja a pa geti, amene anandiliza, munalibenso, chifukwa ulendo unathera pomwe pamayambira phula.

M'malo mwake ndinapeza izi, zolembedwa ndi dzanja langa:

"Kapitawo sanadye. Anaima kumapeto atatifulatira, ndipo ndinaona kuti phewa lake lamanja latsika, monga limachitira akamabisa chinthu. Linatsika choncho tsiku la maliro a bambo ake. Ndinafuna kupita kukaima naye. Potsika sanaimbe mluzu ngakhale kamodzi, ndipo phiri lopanda mluzu wake sindilidziwa. Sindikudziwa kuti Loweruka loyamba lidzakhala chiyani akadzasiya kubwera."

Ndinawerenga kawiri. Kenako ndinatenga pensulo n'kuyamba kuwerengera ngati mwana wa sukulu. Wamagetsi kawiri. Kapitawo kakhumi ndi kanayi. Achemwali aja akanalemba okha kuti andinamizire, sakanafika pamenepa.

Ndinagwira masambawo kuti nding'ambe, koma kuseri kwa tsamba loyamba kunali mathero a ulendo wa mwezi watha, umene Wamagetsi anali atawerenga kale, ndipo akanazindikira kuti tsamba lasowa. Ndinayang'ana wotchi. Mwina ndikanatha kuwonjezera tsamba lachisanu, la iye yekha. Ndinatenga cholembera, ndinalemba "Wamagetsi," ndipo kunja kunalira hutala ya galimoto.

Anagogoda kamodzi n'kulowa, atavala malaya oyera a kutchalitchi ndi masilipasi, chifukwa nsapato zinali zitakana mabala aja. Ankamwetulira. Chiyambire Lachiwiri ndinali ndisanamuone akumwetulira choncho.

"Ndaganiza bwino," anatero. "Ndakuvutitsa ndi zinthu zopanda pake. Ine sindiwerenganso, ndakukhulupirira. Ndawauza mayi kuti dzulo ndinali komweko, kuti walemba za ine, ndipo tsiku silikusintha."

Ndinatseka kope pang'onopang'ono n'kuikapo chigongono.

"Angopempha chinthu chimodzi," anapitiriza, akutambasula dzanja. "Ali m'galimoto panjapo ndi achemwali. Akuti aone okha ndi maso awo tisanapite kutchalitchi, nkhaniyi ithere pomwepa. Bweretsa, sachedwa kuwerenga."